Mageji a Boti la Achimwene

Kwathu wodwala sitimuuza zoona. Ngakhale munthu ataonda mpaka mphete kumavuka yokha pachala, timalowa m'chipinda chake tikumwetulira n'kunena kuti, "Lero ndiye mwatsitsimuka." Ndinakula ndikuona zimenezi ndipo sindinkaonapo cholakwika. Ndinkati ndi ulemu, ndi chifundo. Ndinayamba kudana nazo chaka chimene achimwene anga anadwala sitiroko.

Achimwenewo ndi oyamba kubadwa kwathu, ine ndine mzime. Iwo ankayendetsa lole yotuta mitengo ya paini kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba, ine ndimakonza makompyuta ndi kulemba mapulogalamu pa ofesi ina m'tauni. Ankakonda kundiseka kuti ntchito yanga ndi yotosa mabatani ngati nkhuku ikujompha chimanga. Ine ndinkawabwezera kuti yawo ndi yokhala pampando n'kumaopseza anthu ndi hutala. Tinkagwirizana choncho, mwa chipongwe.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina akumanga katundu chakufupi ndi damu la Mulunguzi, chingwe chinawapulumuka m'dzanja, anakhala pansi, pakamwa n'kupotoka. Anzawo anatsika nawo pa lole yomweyo mpaka kuchipatala. Patapita masiku, adokotala anatiitanira pakhonde anthu atatu: amayi, alamu anga akazi a achimwene, ndi ine. Anati mwendo ubwerera. Dzanja lamanja, akalimbikira mafizo m'miyezi yoyambirirayi, lidzatha kugwira kapu, kumanga mabatani a malaya, mwinanso kulemba. Akachita ulesi zala zidzauma zili zopindika, ndipo sizidzatambasukanso. Koma za lole, pamsewu wa m'phiri uja, anati tiiwale.

Adokotala atangotembenuka, amayi anamanga chitenje chawo mwamphamvu n'kutiyang'ana.

"Izi zithere pakhonde pompano," anatero. "Amene akamuuze mwana wanga zimenezi ndiye wamupha."

Ankalankhula kwa tonse awiri koma maso anali pa ine, chifukwa kunyumba ndimadziwika kuti ndimalankhula mosapsatira. Ndinavomera. Ndikanatani? Nanenso ndinali ndi mantha.

Achimwene atabwerera kunyumba kwawo ku Chinamwali, bodza linayamba kukula lokha. Mwini lole anali atalemba kale dalaivala wina, koma alamu anawauza kuti lole ili kugalaja, ikuwadikira. Amayi a mvano akabwera kudzapemphera ankati, "Mwezi wamawa tikuonani pachiwongolero." Anzawo a ku ntchito ankati phiri lawasowa. Aliyense wolowa pakhomo ankafika ndi mawu omwewo: mukuchira, mukuchira. Achimwene ankangogwedeza mutu, dzanja lili pamwendo ngati la munthu wina.

Kenaka anasiya mafizo. Kampira kofinya kamene anawapatsa kuchipatala anakaponya kuseri kwa kabati. Nditawafunsa chifukwa chake anandiyankha modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandiopsa.

"Ngati ndikuchira monga mukunenera nonsenu, ndivutikirenji? Ngati sindikuchira, ndivutikirenjinso?"

Mayi wa mafizo amene ankabwera kudzawaona ananditengera panja n'kundiuza kuti nthawi ikutha, zala zayamba kale kulimba. Tsiku limenelo ndinabwerera kwathu wapansi, osakwera kabaza, ndili ndi mkwiyo umene sindinkadziwa woupatsa.

Za gemu ya maboti ndinazionera kwa mnzanga wa ku ofesi, amene ankasewera nthawi ya nkhomaliro. Ndi mpikisano wa pa intaneti wa maboti oyenda ndi matanga, opanda injini, ongodalira mphepo. Munthu amaongolera boti lake ndi mausi, kuzungulira timigolo toyandama panyanja, kupikisana ndi anthu a m'maiko ena. Ndinatenga laputopu yanga yakale kupita nayo ku Chinamwali. Sindinaganize zakuya, ndinkangofuna kuti achimwene asiye kuyang'ana khoma. Munthu woti sanakwerepo ngakhale bwato la pa Chilwa, ndinkayembekezera kuti andithamangitsa nayo.

Sanandithamangitse. Anagwira mausi ndi dzanja lamanzere, boti n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi, kenaka n'kuima. Anayesanso. Nditabwera tsiku lachitatu ndinapeza alamu akudandaula kuti bandulo ya intaneti ikutha ngati mchere, ndipo bambo akunyumba sakumva kuitana. Koma achimwene anandilandira ndi mlandu.

"Iwe, galimoto yanji yopanda mageji? Ndidziwa bwanji ngati ndikuthamanga kapena ndikungoyandama ngati chikuni? Si iwe wa mabatani? Undiikire dashibodi."

Chiyambire kudwala, aka kanali koyamba kuti apemphe kanthu. Ndinatuluka m'nyumbamo mtima ukugunda ngati ndapambana mayeso.

Eni gemuyo ankalola aliyense kulemba kapulogalamu kake kowonjezera, bola kasamayendetse boti m'malo mwa munthu. Kuseri kwa zithunzi zokongola zija, gemu inkatumiza manambala nthawi zonse: liwiro la boti, mphamvu ya mphepo, mbali imene ikuchokera, ndi malo amene boti lili. Ntchito yanga inali kugwira manambalawo n'kuwaonetsa pakona ya sikirini. Kunena n'kosavuta. Ndinalimbana nazo masabata, magetsi akuzima ntchito ili pakati, netiweki ikuthawa mvula ikangoyamba kutsika m'phiri. Ndinkadya chimanga chootcha pa desiki, ndikutukwana kompyuta chamumtima.

Geji yoyamba inali ya liwiro. Ndinaipanga yozungulira, ya muvi, ngati ya mu lole. Achimwene anaikonda mopitirira. Anayamba kuthamangitsa muviwo, kutembenuza boti kulikonse kumene muvi ukukwera. Boti lawo linkathamanga kuposa onse, koma likulowera kwina, kamgolo kali uko. Anafika omaliza ndipo anandikalipira kuti geji yanga ndi ya anthu oledzera. Anali ndi mfundo. Boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera, limapita chokhotakhota, ndipo kuthamanga kwake si kufika. Choncho ndinapanga geji yachiwiri, yoonetsa liwiro limene boti likuyandikirira kamgolo. Nditavutika kuwafotokozera ndi manambala, ndinangoti zili ngati msewu wokwera phiri, umene umapita uku ndi uku koma ukukwera.

"Bwanji osangonena choncho poyamba?" anatero. "Sukulu inakuonongani."

Yachitatu ndi imene inabweretsa mavuto. Gemuyo inali ndi manambala osonyeza liwiro lenileni limene boti lingathe kufika pa mphepo iliyonse, likaongoleredwa bwino. Ndinachititsa kuti kapulogalamu kanga kaziyerekeza liwiro la achimwene ndi limenelo, n'kuonetsa ngati akulitulutsa lonse kapena akulitaya. Akaongolera bwino muvi unkakhala pobiriwira. Akataya pang'ono, pachikasu. Akasokoneza, pofiira. Geji imeneyi sinkayeza boti kapena mphepo. Inkayeza dzanja la woongolera. Ine pamenepo sindinaganize kuti zimenezi zikutanthauza chiyani m'nyumba ngati imeneyo.

Ndi dzanja lamanzere anaphunzira msanga. Muvi unkakhala pachikasu, nthawi zina pobiriwira. Tsiku lina anakhota molakwika, muvi n'kugwera pofiira, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Alamu anathamanga kuchokera kukhitchini poganiza kuti kwachitika zina.

"Taonani," anatero achimwene akuloza sikirini. "M'nyumba muno chinthu ichi chokha ndi chimene sichindiopa."

Tonse tinaseka, koma mawuwo anandikhala pamtima.

Mayi wa mafizo ataona gemuyo anasangalala. Anati kuyendetsa mausi pang'onopang'ono choncho ndi mafizo enieni, bola azichita ndi dzanja lamanja. Achimwene anakana pamaso pathu, anati iwo si mwana woti aziphunzitsidwa kugwira supuni. Koma tsiku lina masana, poganiza kuti ali okha, anayesa. Alamu ankayanika zovala ndipo anaona zonse pawindo. Achimwene ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika pa mausi. Boti linayamba kugwedezeka uku ndi uku, muvi unagwera pofiira n'kukhala pomwepo mpaka mpikisano kutha. Anatseka laputopu, anakana chakudya, n'kukagona choyang'ana kukhoma. Mawa lake sanadzukenso.

Walira mvula walira matope. Mageji anawapempha okha, koma wowapanga ndinali ine.

Alamu anabwera ku ofesi kwanga pa kabaza, atavala chitenje chogwirira ntchito zapakhomo, chinthu chimene sachita akamabwera m'tauni. Sanalole n'kukhala pansi komwe.

"Alamu, chinthu chanu chija chitiphera munthu."

"Chikungonena zimene zilipo, alamu."

"Zimene zilipo ife sitikuzidziwa? Mukuyesa ine ndilibe maso? Ndimawasambitsa ndine, dzanjalo ndimalidziwa kuposa kompyuta yanuyo. Koma munthu wodwala amafuna kulimbikitsidwa. Munachipanga ndinu, mukhozanso kuchiphunzitsa ulemu. Chiziwaonetsa zobiriwirazo, kapena zachikasu bola. Loweruka kuli mpikisano umene amaukonda uja. Ndawanyengerera kuti ayesenso, ndawauza kuti chinthucho chinali ndi vuto ndipo inu mukudzachikonza. Musandichititse manyazi."

Ndinakwiya, koma sindikanawadzudzula. Mayi ameneyu anali atatha thupi. Ankadzuka m'mawa kukagulitsa mandasi, kubwerera kudzasamalira mwamuna ndi ana, n'kumamwetulirabe kwa alendo. Atangochoka, foni inalira. Anali amayi, ndipo sanataye nthawi ndi moni.

"Iwe sukulu unapita, koma nzeru za pakhomo ulibe. Mchimwene wako ali gone chifukwa cha zidole zakozo. Uchite zimene wakuuza mlamu wako."

Kunamiza geji n'kosavuta, ndipo zimenezi zinandinyansa. Chimene ndinachimanga masabata ambiri chinkafuna mzere umodzi wokha kuti chikhale chabodza. Ndinalemba kuti muvi usamatsike kupitirira pachikasu zivute zitani, ndiponso kuti uzikwera msanga kufika pobiriwira. Ndinayesa, zinatheka. Ndinasunga mapulogalamu onse awiri pa fulashi imodzi, yoona ndi yabodza, ndikudziuza kuti ndisankha Loweruka. Ndinkadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma ndinalibe mphamvu yofufuta imodzi.

Loweruka m'mawa ndinalephera kukhala m'nyumba. Ndinakwera phiri wapansi podzera njira yachidule ya amayi a nkhuni, mpaka ku Mulunguzi. Kunali nkhungu, paini akudontha madzi, fulashi ili m'thumba la juzi. Ndinkatembenuza nkhaniyo uku ndi uku. Ndikaika yoona, muvi ukakhalanso pofiira, achimwene akhoza kutaya mtima kotheratu, zala n'kuuma, ndipo banja lonse lidzati ndi ine. Ndikaika yabodza, mwina alimba mtima n'kuyambiranso mafizo. Koma akadzatulukira, sipadzakhalanso chinthu kapena munthu amene angamukhulupirire, ndipo ine ndidzakhala m'gulu la onena kuti mukuchira.

Ndili chiimire m'mbali mwa msewu, ndinamva injini ikubuula kumtunda. Inali lole ya achimwene, yodzaza mitengo, ikutsika pang'onopang'ono. Kansalu kofiira kamene anamangirira pagalasi kanali pomwepo. Pachiwongolero panali bambo wina wa chipewa, amene anandiimbira hutala mwaulemu kuti ndipatuke. Ndinapatuka, ndipo misozi inatuluka yokha. Ndinatsika phirilo ndisanasankhe kanthu.

Ndinafika ku Chinamwali dzuwa litapendeka pang'ono. Amayi anali atabwera kale, atakhala pamkeka pabalaza, manja ali pamiyendo ngati ali m'tchalitchi. Ana anawatumiza kwa aneba. Alamu anandichingamira pakhonde.

"Mwabweretsa?" ananong'ona.

"Ndabweretsa."

Achimwene anali pampando wawo, atameta ndevu, atavala malaya oyera. Nkhope inali itagwa. Sanandiseke monga mwa masiku onse, anangondiloza laputopu ndi chibwano.

"Akuti chinthu chako chinali ndi vuto."

"Ndabwera kudzachiona," ndinatero, osawayang'ana.

Ndinalowetsa fulashi. Mapulogalamu awiri aja anaonekera pa sikirini, imodzi pamwamba pa inzake. Kumbuyo kwanga ndinkamva mpweya wa alamu. Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Chimene chinandibwerera ndi kuseka kwawo kwa tsiku lija, ndi mawu aja oti chinthu ichi chokha sichiwaopa. Ndinaona kuti ndikachiphunzitsa mantha, ndiye kuti ndawalanda mnzawo yekhayo. Ndinaika yoona, n'kukankhira laputopu kwa iwo.

Anatenga dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuliika pa mausi. Zala ziwiri zinakana kutambasuka, anaziwongola okha chimodzichimodzi. Pa sikirini maboti anali atasonkhana kale kuyembekezera kuyamba, ena a mbendera zimene sindinkazidziwa. Ndiye achimwene anachita chinthu chimene sindinkayembekezera. M'malo mopita pamzere woyambira, anatembenuza boti lawo n'kulilunjikitsa kumene mphepo inkachokera. Matanga anayamba kukupiza, boti linaima nji. Muvi wa geji yachitatu unatsika, kudutsa pachikasu, kulowa pofiira, mpaka kukagona pansi penipeni.

Alamu anandiyang'ana. Maso amenewo sindidzawaiwala. Amayi sankadziwa za mageji, koma anaona nkhope ya mpongozi wawo n'kumvetsa zonse.

"Ehe," anatero achimwene. "Geji idakali yamoyo."

Anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Mukuyesa ndine wogontha? Nyumba ino ilibe siling'i, foni zanu ndimazimva. Kuli amakaniko ena, nyale ya oilo ikamavuta amangodula waya kuti bwana asadandaule. Ndiye dalaivala ukalandira galimoto kuchokera kugalaja, umayamba waiyesa. Muvi ukanapanda kutsika apa, laputopu iyi ikanatulukira pawindo."

Ikanakhala pulogalamu ina ija, muvi ukanaima pachikasu boti litaima, ndipo zonse zikanathera pomwepo. Koma mantha anga sanathe, chifukwa mpikisano unali usanayambe, ndipo dzanja linali lomwe lija.

Belu la gemu linalira, maboti ananyamuka. La achimwene linachedwa kutembenuka, linanyamuka anzawo atapita kale. Dzanja linkanjenjemera, mausi inkathawira kumanzere, iwo n'kuibweza mopitirira, boti n'kumayenda ngati njoka. Muvi unali pofiira. Anakhota pa kamgolo koyamba motalikira kwambiri, pofiira. Mtsempha wa pakhosi unatupa, thukuta linadontha pa malaya oyera aja. Dzanja lamanzere linanyamuka lokha kufuna kuthandiza, iwo n'kulikhalira.

"Ukuchita bwino, mwana wanga," anatero amayi.

"Amayi, chonde."

Kunja wina ankaitanira makala. Netiweki inagwedezeka, chithunzi chinaima kwa kanthawi, ine mtima unaima nawo, kenaka chinabwerera. Ndinkayang'ana muviwo ngati ndingaukankhe ndi maso. Ndinkadana nawo, ndinkadzida ndekha poupanga. Ndinkayembekezera kuti nthawi ina iliyonse atseka laputopu monga anachitira tsiku lija, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza kumene ndikabise nkhope yanga.

Atazungulira kamgolo komaliza, mphepo inayamba kuwomba chakumbali, ndipo panatsala ulendo wolunjika. Apa sipafuna kukhota, pamangofuna kugwira dzanja malo amodzi osagwedeza. Achimwene anatsamira kutsogolo, anatsitsa phewa monga ankachitira potsika phiri ndi katundu, n'kusiya kupuma. Boti linawongoka. Muvi unanyamuka pang'onopang'ono, unafika m'malire, unakhudza pachikasu. Unakhalapo nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri, kenaka dzanja linanjenjemera, n'kubwerera pofiira.

"Mwaona?" anafuula. "Iwe, waona?"

"Ndaona, achimwene."

"Chachikasu chimenecho n'changa. Palibe wandipatsa."

Anafika omaliza, maboti ena onse atachoka kale panyanja. Anachotsa dzanja pa mausi n'kuliika pamwendo, akupuma ngati athamanga. Ndinayesa kuti zatha, ndinayamba kutulutsa fulashi. Koma iwo anatseka laputopu pang'onopang'ono n'kutembenukira kwa ine.

"Lole ija sili kugalaja. Ndimaimva m'mawa ikudutsa pamsewu waukulu, injini yake ndingaisokoneze ndi ina? Ndangokhala chete kuti ndione kuti mufika nazo pati." Alamu anagwira pakamwa. Iwo sanawayang'ane, maso anali pa ine. "Tsono iwe, poti geji yako sunaidule waya, undiuze. Adokotala anati chiyani? Dzanja ili lidzagwiranso chiwongolero?"

"Iwe!" anatero amayi, atadzuka pamkeka.

Ndinayang'ana amayi, ndinayang'ana alamu. Ndinali nditalonjeza pakhonde la chipatala. Koma munthu amene ankandifunsayo anali atangokhalira dzanja lake labwino kuti aone zoona, ndipo ndinalephera kumupatsa china.

"Ayi, achimwene. Anati lole iwalani."

Amayi analira mokweza ngati pamaliro, n'kutuluka panja. Alamu anatsamira chitseko. Kenaka achimwene nawonso analira. Chibadwire sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a bambo athu. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, osabisa nkhope. Ine ndinangokhala pomwepo, ndikudzimva ngati ndabaya munthu ndi mpeni. Ndinkaganiza kuti amayi ananena zoona, ndamupha.

Patapita nthawi achimwene anapukuta nkhope ndi mkono wa malaya.

"Nanga china anati chiyani? Usandibisire."

"Anati mukalimbikira mafizo panopa, kapu mudzagwira. Mabatani mudzamanga nokha. Mwina kulembanso. Koma mukachedwa zala ziuma, ndipo nthawi yatsala pang'ono."

"Kapu," anatero, akuyang'ana dzanjalo. "Kuchoka pa lole kufika pa kapu."

Panja amayi ankasisima, aneba atayamba kufunsa chimene chachitika. Ndinkadziwa kuti papita nthawi amayi asanandilankhulenso, ndipo zinaterodi. Achimwene anapitiriza kuyang'ana dzanja lawo, kulitembenuza ndi linzake, ngati katundu amene akufuna kudziwa kulemera kwake asananyamule.

"Mayi a ana," anaitana, "kampira kaja kali kuti?"

Alamu sanapite kuseri kwa kabati. Anali atakatola kalekale n'kukasunga m'kabati momwemo, pakati pa makapu a alendo. Anakatenga, anakapukuta ndi chitenje, n'kukaika m'dzanja la amuna awo. Achimwene anayesa kufinya. Zala zitatu zinagwira, ziwiri zinakana, kampira kanapulumuka n'kugubuduzikira pansi pa mpando.

Tonse tinakayang'ana. Palibe amene ananena kuti mukuchira. Ndinagwada, ndinakatola, n'kukabwezera m'dzanja lawo.